Kuwedza sikwidi ndi jigi utaima m'madzi pa mathiriro a mtsinje: ndikulakwitsa pati?

Nkhanu_Yamchenga
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Funso langa ndi la kuwedza sikwidi (nyama yofewa ya m'nyanja yamchere yokhala ndi manja ambiri kumutu) ndi jigi (nyambo yopanga yooneka ngati kansomba kapena shirimpi) munthu utalowa m'madzi mpaka m'chiuno, mu mtsinje umene madzi ake amakwera ndi kuphwa motsatira nyanja yamchere. Pansi pake ndi mchenga wosakanikirana ndi udzu wa m'madzi, kuya kwake mita imodzi ndi theka madzi akadzaza. Jigi ndi ya saizi 3.5, chingwe ndi nayiloni yopirira kulemera kwa mapaundi 15. Mavuto ndi awiri. Jigi ikungobwera itakola udzu kuponya kulikonse, ndipo sikwidi akagwira mwa apo ndi apo akumasuka asanafike pamanja. Cholakwika ndi jigi, nthawi, kapena kaponyedwe?

Mphepo_Yakumwera
Jigi yanuyo ikumira msanga kuposa madzi amene mulimo. Nkhani yonse yagona pamenepo.

Ndodo_Yofewa
Zoona, koma tiyeni tiwerengetsere kuti achimwene aone pamene pakuvuta. Pa paketi ya jigi yabwino pamalembedwa masekondi amene imatenga kuti imire mita imodzi. Ya 3.5 wamba imalemera pafupifupi magalamu 20 ndipo mita imodzi imaimaliza m'masekondi 3 kapena 3 ndi theka. Madzi anu ndi mita imodzi ndi theka, udzu tiyerekeze watalika masentimita 40. Malo otsala oti jigi isewere ndi mita imodzi ndi pang'ono chabe. Pomwe mukutseka rilu (chokulungira chingwe) n'kukulunga chingwe cholendewera, iyo yalowa kale mu udzu.

Chimene ambiri amachedwa kumvetsa n'chakuti sikwidi sagwira jigi pamene mukuikoka. Kukokako n'kumuitana chabe. Iye amaitsatira chapatali, kudikira kuti ileke kuthamanga iyambe kutsika mutu uli pansi ngati shirimpi yotopa, pamenepo ndiye amaponya manja ake awiri aatali kuposa enawo n'kuikumbatira. Ndiye pa madzi osaya chofunika n'kuchulukitsa masekondi amene jigi ili lende pakati pa madzi isanakhudze udzu.

Pezani yolembedwa shallow, kutanthauza ya madzi osaya, imene imatenga masekondi ngati 6 pa mita, kapena super shallow ya masekondi 8. Mukaponya muziwerenga. Ikabwera ndi udzu pa 6, ulendo wotsatira kokani pa 5. Ikabwera yoyera kangapo osakhudza kanthu, onjezani sekondi imodzi. Izidutsa chikhato chimodzi kapena ziwiri pamwamba pa nsonga za udzu.

Kanyimbi_22
Bwanji osangotsika saizi? Ya 2.5 imalemera magalamu 10 okha, imamira pa masekondi 4 kapena 5, ndipo asikwidi olowa m'mitsinje kawirikawiri amakhala aang'onoang'ono.

Ndodo_Yofewa
Kukakhala bata, eya. Koma kukangouka kamphepo ka kumaso, magalamu 10 sapita patali, komanso munthu woima m'madzi mpaka m'chiuno amaponya pafupi kale chifukwa ndodo ili m'munsi. Ya 3.0 shallow imauluka bwino koma imamira mochedwa. Zonse ziwiri zikhale m'thumba.

Mwezi_Wathunthu
Musanasinthe jigi, a Nkhanu, tiuzeni mumalowa nthawi yanji. Sindikunena za wotchi, ndikunena za madzi. Sikwidi ndi nyama ya madzi amchere, sapirira madzi a mtsinje ngati mmene zimachitira nsomba zina za pa mathiriro. Madzi a nyanja ali ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita, ndipo akasukuluka kwambiri ndi madzi ochokera kumtunda iye amabwerera kunyanja. Nthawi yake ndi pamene nyanja ikukankhira madzi ake oyera mu mtsinje: maola awiri omaliza madzi akukwera, ndi ola loyamba atayamba kuphwa. Nthawi imeneyi ikagwirizana ndi mbandakucha kapena kachisisira, musaiphonye.

M'malo ambiri madzi amadzaza kawiri pa maola 24 ndi mphindi 50, choncho mawa adzadzaza mochedwerako ndi mphindi ngati 50 kuyerekeza ndi lero. Komanso tebulo la nthawi za kukwera ndi kuphwa kwa madzi limene mumaona pa foni nthawi zambiri ndi la pa doko kapena pakamwa pa mtsinje. Mukakhala makilomita angapo chakumtunda madzi amafika mochedwa. Tsiku lina zikani kamtengo m'mphepete, muone kuti pamalo panupo achedwa ndi mphindi zingati, kenako muzingowonjezera pa tebulolo.

Chule_Wamadzi
Pamenepa sindikuvomereza kwenikweni. Madzi akamaphwa, tinsomba ndi shirimpi zimene zinabisala mu udzu zimakakamizika kutsikira m'ngalande, ndipo asikwidi amakazidikirira m'mphepete mwa ngalandemo. Kuponya pa malire a udzu ndi ngalande madzi ali mkati mophwa kumagwira ndithu.

Mwezi_Wathunthu
Kumagwira ngati papita masabata osagwa mvula ndipo muli pafupi ndi pakamwa. Mvula ikagwa yambiri kumtunda, madzi ophwa amabwera ofiira, opanda mchere. Sikwidi amasaka ndi maso. Mutaima m'madzi ofika m'chiuno, ngati nsapato zanu sizikuoneka, tulukani mukadikire tsiku lina.

Tsekwe_Wakuda
Ndiwonjezere pang'ono. Madzi amchere ndi olemera kuposa a mtsinje, ndiye amalowa chapansi, a mtsinje n'kumayandama pamwamba. Masiku angapo mvula itakata, pamwamba pamaonekabe pakuda koma pansi pa maenje akuya pamakhala madzi oyera amchere. Masiku otero ndi pomwe ya 3.5 ya a Nkhanu ili ndi ntchito, m'ngalande ya mamita 3 kapena 4, osati pa udzu.

Nkhanu_Yamchenga
Ndathokoza nonse. Ndimalowa madzi ataphweratu poti ndi pomwe kuyenda kumaphweka, akayamba kukwera n'kutuluka. Ndiye kuti ndimachoka pa nthawi yoyambira. Nanga za kumasukazi?

NaMchere
Pepani ndidule kaye, za kumasuka ena ayankha. Poti tsopano mwauzidwa kuti muzikhala m'madzi pamene akukwera, pali zoti mudziwe.

Madzi sakwera mofanana ola lililonse. Amalinyero amagawa kukwera konse m'magawo 12: ola loyamba gawo 1, lachiwiri 2, lachitatu 3, lachinayi 3, lachisanu 2, lomaliza 1. Ngati tsiku limenelo kusiyana kwa madzi ophwa ndi odzaza ndi mamita 2.4, ndiye kuti masentimita 20, 40, 60, 60, 40 ndi 20. M'maola awiri apakatiwo okha akwera ndi mita imodzi ndi masentimita 20. Kangalande kamene munawoloka kali m'mawondo mudzakapeza kali m'khosi, ndipo kamadzaza kumbuyo kwanu inu maso ali pa chingwe. M'mitsinje yambiri zimaposa pamenepa chifukwa madzi amakwera kwa nthawi yaifupi koma mothamanga, n'kumaphwa pang'onopang'ono. Mwezi ukakhala wathunthu kapena uli mumdima kusiyanaku kumakula.

Chizolowezi chanu cholowa madzi ataphwa musachitaye, chisandutseni ulendo woyendera malo, ndodo mutaisiya. Onani pali udzu, pali maenje, pali matope omiza, ndi njira yobwererera. Powedza, madzi akamakwera inunso muzisunthira kumtunda nawo limodzi, pasakhale ngalande pakati pa inu ndi gombe. Musapitirire m'chiuno, ndipo madzi akamakoka kwambiri m'ntchafu mwakwana. Jekete yoyandamitsa valani. Ovala waders, mabuluku osalowa madzi ofika pachifuwa, amange lamba m'chiuno mothina, apo ayi akagwa madzi amadzaza m'miyendo ndipo kudzuka kumavuta.

Mphepo_Yakumwera
Kotentha waders n'kudzizunza, mayi. Kabudula ndi nsapato basi.

NaMchere
Sindikana, bola nsapatozo zikhale zotseka, zapansi polimba. Zigoba za oyisitala, mtundu wa nkhono za m'nyanja, zimacheka ngati lezala ndipo chilonda cha m'matope sichichedwa kutukusira. Poyenda musanyamule phazi, muzilikhwekhwereza pa mchenga. Stingray, nsomba yophwatalala ya mchira wautali, amadzikwirira mu mchenga. Mukamukhudza m'mbali amathawa, mukamuponda pamsana amakubayani ndi munga wa kumchira. Zikatero, viikani chilondacho m'madzi otentha mmene thupi lingapirire osapsa, mphindi 30 mpaka 90, kenako kuchipatala akaone ngati mwatsalira chidutswa. Ndipo kumene kuli ng'ona za m'madzi amchere, monga kumpoto kwa Australia, zolowa m'madzi zisakhalepo n'komwe. Ponyerani pa mtunda.

Gogo_Mbedza
Tibwerere ku funso la mwana wathuyu. Yang'anani kumchira kwa jigi. Kuli timbedza tozungulira mizere iwiri ngati chisoti, ndipo tilibe kaminga kobwerera kumbuyo kamene kamakhala pa mbedza ya nsomba. Chogwira sikwidi ndi kukungika kwa chingwe basi. Chikangokhwefuka kamphindi, wapita.

Ozolowera nsomba amakweza ndodo, kuitsitsa akukulunga, kukwezanso. Potsitsapo ndi pomwe amamasukira. Ndi sikwidi ndodo iime malo amodzi, yopendekera m'mwamba, dzanja lizingozungulitsa rilu pang'onopang'ono osaima. Akapopa madzi n'kukokera chambuyo musalimbane naye. Ndodo ipinde, dragi (mbali ya rilu yomasula chingwe chikakokedwa mwamphamvu) ilire, akapuma pitirizani.

Kumasuka kwina si kumasuka, n'kuduka. Mukapeza kachidutswa ka dzanja lake katatsalira pa timbedza, ndiye kuti munakoka mwamphamvu kapena dragi yathina. Manja aatali aja ndi ofewa. Poyesa dragi, mangani botolo la madzi la theka la lita ku chingwe, munyamule ndi ndodo: chingwe chiyambe kutuluka botolo likamati linyamuke. Ndipo pomukola musamenye ngati mukukola nsomba ya kamwa lolimba. Kukweza ndodo mosalala mpaka mumve kulemera n'kokwanira.

Kanyimbi_22
Nayiloni ya mapaundi 15 nayo ichoke. Ndi yonenepa, madzi othamanga amaikankha n'kupanga chimimba, ndipo imatamuka moti mukagwedeza ndodo jigi sidumpha, imangokwawa. Ikani chingwe cholukidwa cha mtundu wa PE, saizi 0.6 kapena 0.8, kutsogolo lida (kachingwe komangirako jigi) ya fluorocarbon, pulasitiki yosaoneka bwino m'madzi, ya mapaundi 8 mpaka 12, yotalika mita imodzi ndi theka. Lumikizani ndi mfundo ya FG ngati mumaitha, apo ayi mfundo ya double uni imakwana. Ndodo ya mamita 2.3 mpaka 2.6 ya nsonga yofewa, rilu ya saizi 2500. Kumapeto kwa lida ikani kaklipu kakang'ono kuti muzisintha jigi osamanga mfundo ndi manja onyowa muli pakati pa madzi.

Gogo_Mbedza
Nayiloni musainyoze kwambiri, ana inu. Kutamuka kumene mukudandaulako ndi komwe kumateteza dzanja la sikwidi kuti lisaduke. Woyamba kumene, nayiloni ya mapaundi 8 imamubisira zolakwa zambiri. Vuto la a Nkhanu ndi kunenepa kwa chingwe.

Kanyimbi_22
Imamubisiradi agogo, koma imamubisiranso kugwira kwa sikwidi. Pa mamita 30 samva kanthu.

Gogo_Mbedza
Pa madzi a mita imodzi amene amamva ndi maso. Koma chabwino, aliyense ndi chingwe chake.

Kadziwotche
Nanga kala? Palibe wanenapo. Pinki ndiye mfumu, zinazi n'zokongoletsera bokosi.

Tsekwe_Wakuda
Asikwidi ambiri m'maso mwawo muli mtundu umodzi wokha wa tizinthu tolandira kuwala, moti kusiyanitsa pinki ndi orenji ngati mmene timachitira ife n'kovuta kwa iwo. Chimene amaona bwino ndi kuwala ndi mdima, kunyezimira, ndi mthunzi wa chinthu. N'chifukwa chake kapepala konyezimira kamene kali pansi pa nsalu ya jigi kali ndi ntchito kuposa kala ya pamwamba. Ambiri amatere: siliva kapena yoonekera mkati dzuwa likakhala pamutu madzi ali mbee, golide madzi akada pang'ono, yofiira m'mamawa ndi madzulo, yowala mumdima usiku. Ubwino weniweni wa pinki ndi orenji ndi wa inu msodzi. Mumaiona patali ili pansi pa madzi, ndipo mumaona ikazimiririka mwadzidzidzi chifukwa wina waiphimba.

Kadziwotche
Ndiye mukuti bokosi lonseli tinagulira maso athu?

Mphepo_Yakumwera
Woyamba kukodwa ndi jigi ndi mwini chikwama.

Chule_Wamadzi
Zinthuzi zinayamba zilibe n'kala komwe. Kumwera kwa Japan asodzi akale ankasema kamtengo, n'kukawaula pamoto kuti kakhale ndi mawanga, n'kuikapo ndalama zachitsulo kuti kazimira. Dzina la jigi la Chijapani lakuti egi limatanthauza mtengo wa nyambo. Manambala a saiziwa nawonso ndi a muyezo wawo wakale wotchedwa sun, umene ndi masentimita 3 ndi kapang'ono. Choncho 3.0 ndi thupi la masentimita 9, ndipo 3.5 ndi 10 ndi theka, osawerengera timbedza.

Ndodo_Yofewa
Tisasochere abale, za kaponyedwe palibe wayankha.

Imani mutayang'ana kumene madzi akuchokera. Matope amene mapazi anu akuvundula azipita kumbuyo kwanu, osati kumene mukuponya. Ponyani chokwera koma chopingasa pang'ono, kuti jigi izitsika ikuyenda ndi madzi ngati chakudya chenicheni, inu muzingochotsa chingwe chokhwefuka ndi rilu. Mukaponya chotsika, madzi amakunga chingwe n'kunyamulira jigi pamwamba. Izi zili ndi ntchito yake pamalo osaya kwambiri, poti mutha kuiimika malo amodzi pamwamba pa udzu kwa masekondi 10 kapena kuposa osamira, koma pa madzi okoka kwambiri imangosefukira pamwamba.

Zimene mumaona m'mavidiyo, anthu akumenyetsa ndodo m'mwamba kanayi kasanu, ndi za madzi akuya a pa doko. Pa mita imodzi zimenezo zimatulutsa jigi kunja kwa madzi. Tsitsani nsonga ya ndodo pafupi ndi madzi, gwedezani chammbali kawiri kapena katatu, mwachidule, kenako imani n'kuwerenga. Kuimako ndi kumene anthu amalephera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musaponye pakati pa udzu wothithikana. Fufuzani timabwalo ta mchenga woyera pakati pa udzu, malire a udzu ndi mchenga, ndi pamene pansi payamba kutsetsereka kulowa m'ngalande. Ponyani kasanu kapena kasanu ndi kamodzi mozungulira kuchokera kumanzere kupita kumanja, pakapanda kanthu sunthani mapazi 10. Ndipo musamafulumire kutulutsa jigi m'madzi. Ikafika mamita awiri kapena atatu kuchokera pamene mwaima, iimitseni muyang'ane kumbuyo kwake. Kawirikawiri sikwidi amaitsatira mpaka pafupi, ali phee, thupi litafanana ndi mchenga moti chimaoneka ndi maso ake ndi kugwedezeka kwa zipsepse. Magalasi a polarised, ochotsa kunyezimira kwa pamwamba pa madzi, ndi omwe amakuonetsani zimenezi. Mukamuona musasunthe mapazi, ilekeni jigi itsike. Akabwerera m'mbuyo, igwedezeni kamodzi n'kuilekanso.

Chule_Wamadzi
Komanso akamasuka pakati pa njira musakulunge mokwiya. Ilekeni jigi itsike pomwepo, nthawi zambiri amaibwerera. Ndipo amayenda m'magulu, mukagwira mmodzi ponyaninso pamalo omwewo msanga.

Kanyimbi_22
Jigi ikakodwa pansi, woyenda m'madzi ali ndi mwayi umene wa pa doko alibe: zungulirani mukakokere mbali inayo, imatuluka yokha poti timbedzato tilibe kaminga. Kukakhala kwakuya, lozetsani ndodo molunjika ku jigi, kulungani chingwe pa kansalu kapena kamtengo n'kukoka mosadukiza. Chingwe cholukidwa musachikulunge pa chala, chimacheka. Ikatuluka onani timbedza, timakhala titayasamuka. Kapaipi ka bolopeni kopanda inki kamatibwezera bwino, kamodzikamodzi. Ngakhale kaudzu kamodzi kakatsalira pa chisotipo chotsani, jigi yokoka udzu siitsika bwino ndipo sagwira.

NaMchere
Palibe wanena za inki, madzi akuda amene sikwidi amapopa akaopsedwa, ndiye a Nkhanu adzabwera kuno nkhope ili bii. Akafika pafupi musamunyamule msanga. Musiyeni pamwamba pa madzi chingwe chili chokungika, apope kawiri katatu mpaka inki ichepe. Kaukonde kaikeni kumbuyo kwake, kunsonga kwa thupi, osati kumanja kwake. Iye amathawira chambuyo, ndiye amalowa yekha, komanso jigi sikodwa mu ukonde. Kapaipi kamene amapopera kali pansi pa mutu, kalozetseni kutali ndi inu. Mugwireni pakhosi, pamene mutu walumikizana ndi thupi. Pakati pa manja pali mlomo wolimba ngati wa mbalame, ndipo umaluma. Pochotsa jigi ingoitembenuzani mchira m'mwamba, amagwa yekha.

Mupheni pomwepo: bayani pakati pa maso cholozera kuthupi, muona thupi lonse layera nthawi yomweyo, kenako bayaninso cholozera kumanja. Muikeni m'jumbo musanamuike pa ayezi, chifukwa madzi opanda mchere akakhudza nyamayo imasuluka n'kumwa madzi.

Kadziwotche
Nanga uli pakati pa madzi ayeziyo ali kuti? Thumba la ukonde lomangirira m'chiuno, nkhani yatha.

NaMchere
Thumba lotulutsa fungo ndi inki mukulimangirira pa thupi lanu, mu mtsinje momwe mumalowa shaki? Shaki wa mtundu wa bull shark amakwera mitsinje kutali ndithu. Kachikwama kosalowa madzi kumsana kokhala ndi botolo la madzi oundana, kapena beseni loyandama la chingwe cha mamita awiri.

Mphepo_Yakumwera
Ndipo pophika, pansi pa mphindi ziwiri pa moto waukali kapena kupitirira theka la ola pa moto wochepa. Pakatipo mukutafuna labala.

Mwezi_Wathunthu
Tisanafike kukhitchini: mukaona timagulu toyera tooneka ngati zala titamatirira pa udzu, amenewo ndi mazira. Lambalalani. Asikwidi ambiri a m'mphepete mwa nyanja amakhala chaka chimodzi chokha, ndiye a chaka chamawa ndi omwewo mukufuna kupondawo. Malamulo a chilolezo ndi chiwerengero choyenera kugwira pa tsiku amasiyana dziko ndi dziko, ndipo m'malo ena amatseka nyengo yoswana, choncho funsani musanalowe.

Nkhanu_Yamchenga
Mwandithandiza kwambiri, akuluakulu. Funso lomaliza. Ngati amagwira jigi ikutsika, ine ndodo ndaimitsa, ndidziwa bwanji kuti wagwira? Pa jigi ina nsalu yang'ambika kumsana pafupi ndi mutu koma sindinamvepo kanthu.

Gogo_Mbedza
Kung'ambikako ndi mlomo wake. Akagwira nsomba amailuma pankhongo kuti aithyole, ndiye jigi amaichita chimodzimodzi. Ndiye kuti anaigwira, anailuma, anaona kuti si nyama n'kuisiya inu musakudziwa. Onani mmene zilili: iye amakumbatira thupi la jigi, pomwe timbedza tili kumchira. Timamukola pokhapokha inu mukakoka, jigi n'kuterereka m'manja mwake, chisoti chija n'kukola manjawo. Osakoka, sakodwa.

Choncho yang'anani chingwe pamene chalowera m'madzi, chikhale chokungika pang'ono chabe. Chikawongoka mwadzidzidzi, wagwira n'kubwerera nayo. Chikadumphira pambali, wagwira. Chikakhwefuka inu muli pa 3 pomwe mumafika pa udzu pa 6, waigwira akubwera nayo kwa inu. Nthawi zina mumangomva ka tsu kamodzi kunsonga kwa ndodo, pamenepo waimenya ndi dzanja asanaikumbatire, dikirani sekondi imodzi kapena ziwiri. Pa zonsezi kwezani ndodo mosalala. Ukakhala udzu kulemerako kumangoti zii, akakhala iyeyo mumva akukoka, kuleka, kukokanso.

Kanyimbi_22
Jigi yong'ambikayo musaitaye, dontho la guluu pa nsalupo imagwirabe ntchito. Inki ikamatirira itsukeni ndi mswachi wakale musanaponyenso, ndipo mukafika kunyumba zonse muzitsuke m'madzi opanda mchere ziume musanatseke bokosi, apo ayi timbedza tichita dzimbiri.